Kope Lomwe Palibe Adalifunsa

M'sutikesi yanga yachitsulo, pansi pa masatifiketi ndi zithunzi za ukwati, muli kope la chikuto chofiira lomwe lagona mmenemo kuyambira m'chaka cha 2004. Chiswe chidalilawa pangodya, koma zolembedwamo zikuwerengekabe. Wolemba ndidali ine. Chaka chimenecho anzanga a kuno kwathu, kufupi ndi doko la Kachulu kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, adandisankha kukhala mlembi wa komiti yokopera anthu ya mkulu wina amene ankafuna uphungu. Dzina lake ndi chipani chake tizisiye. Pachisankhopo adagwa chagada, ndipo mwini wakeyo adatsogola kale. Ine adandisankha chifukwa ndidali mphunzitsi, poti pamudzi anthu amakhulupirira kuti mphunzitsi sasokoneza masamu.

Kopelo ndidaligawa monga timachitira ndi ndalama za komiti ya sukulu: tsamba la kumanzere zolowa, la kumanja zotuluka. Masamba a kumanja adadzaza mpaka ndidachita kuwonjezera mapepala ndi phini. Muli mabokosi a maliro, mipira ndi mayunifolomu a anyamata, matumba a mchere ndi shuga, nsalu za amayi ovina, malata a mzikiti wina ndi simenti ya tchalitchi china, mafuta a boti lopita ku Chisi, ndiponso timaenivelopu ta mafumu tomwe ndinkangolemba kuti "ulemu". Masamba a kumanzere ngoyera mbee. Ndalama zinkabwera usiku m'chikwama, ndipo tsiku lina nditafunsa wapampando wathu kuti ndilembe kuti zachokera kwa yani, adandiyang'ana ngati ndatukwana pamaliro.

"Aphunzitsi," adatero, "inu lembani zotuluka. Zolowa n'za akuluakulu."

Chisankho chitachitika pa 20 Meyi ndidadikira kuti wina abwera kudzafunsa kopelo, kaya wa boma, kaya wa bungwe loyendetsa zisankho, kaya wa kulikulu la chipani. Sikudabwere munthu. Patapita nthawi m'pamene ndidazindikira kuti padalibe lamulo lililonse lotuma munthu wotereyo. Mmene dziko lathu lidafikira pokhala ndi lamulolo, pamodzi ndi ofesi yolisunga, ndiyo nkhani yomwe ndikufuna kuifotokoza monga ndaionera ndili pagombe pano.

Achinyamata a lero amaganiza kuti chiyambire kalekale ndalama za ndale zimatsika kuchoka kwa wandale kupita kwa wovota. Si choncho. Ife tidakula ndalama zikukwera chitunda. Nyanja itauma mu 1968 ndidali kamnyamata ka sitandade 4. Bambo anga, omwe adali msodzi wa matemba, adapachika khoka kudenga, ndipo amuna ambiri a kwathu adabalalika, ena ku Malombe, ena ku nyanja yaikulu, ena kukafuna maganyu m'minda ya fodya. M'nyumba mudalibe ndiwo, koma khadi la chipani cha Malawi Congress lidayenera kugulidwa basi. Dziko lidali litakhala la chipani chimodzi mwalamulo kuyambira mu 1966, ndipo khadilo lidasanduka chiphaso cha chilichonse: pachipata cha msika, pokwera basi, nthawi zina ngakhale pakhomo la chipatala, ayufi a malaya ofiira ankayamba afunsa khadi. Ngwazi ikamabwera kudzachezera anthu ake, mafumu ankasonkhetsa mazira, nkhuku, mbuzi ndi ndalama za mphatso, ndipo wokana ankadziwa yekha chomwe chimutsate.

Nanga ndalama zonsezo ankawerengera ndani? M'zaka za m'ma 1970 funso limeneli lidali lokwanira kukugonetsa ku Mikuyu, ndende yomwe siili kutali ndi kuno. Chipani ndi boma zinkadyera m'mbale imodzi. Kampani ya Press, yomwe idayamba ngati yosindikiza nyuzipepala ya chipani ya Malawi News, idakula mpaka kugwira minda ya fodya, masitolo ndi magawo m'mabanki, ili m'manja mwa Dr Kamuzu Banda. Kampeni monga tikuidziwira lero kudalibe, pakuti ofuna uphungu onse adali a tambala wakuda, ndipo mayina awo ankayenera kuvomerezedwa ndi Kamuzu mwini. Voti ya bambo anga padalibe woigula. Olipira adali iwo.

Zinthu zidatembenuka mofulumira. Kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, ndipo pa 14 Juni 1993 tidavotera nyali pa riferendamu. Anthu oposa 63 mwa 100 alionse adati akufuna zipani zambiri. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo, yomwe nthawiyo inkakumana konkuno ku Zomba, idakhazikitsa malamulo awiri omwe adatiyendetsa zaka zambiri: lina la kalembetsedwe ka zipani, lina la chisankho cha aphungu ndi pulezidenti. Pankhani ya ndalama, lamulo la chisankholo lidangoti chipani chili ndi ufulu wopempha ndi kulandira thandizo la kampeni kwa munthu aliyense kapena bungwe loima palokha, la m'dziko muno kapena lakunja. Lidathera pomwepo. Silidanene kuti chipani chiulule wopereka, ndipo silidaike malire a ndalama zolandira kapena zomwaza. Udindo wa mlembi wa zipani udapatsidwa kwa mkulu yemweyo wolembetsa makampani ndi mayina a mabizinesi. Ntchito yake idali kulandira dzina la chipani, chizindikiro chake ndi malamulo ake, n'kudinda chidindo.

Ine sindiwadzudzula kwenikweni anthu amene adalemba malamulo amenewo. Mu 1993 apayoniya adali akadali ndi mfuti, mpaka asilikali adawalanda mu Disembala chaka chomwecho. Kuulula dzina la wamalonda wothandiza UDF kapena AFORD m'miyezi imeneyo kukadakhala kumupereka m'kamwa mwa ng'ona. Chinsinsi chidali chishango. Cholakwika n'chakuti nkhondo itatha, chishangocho sitidachitule. Opambana adaona kuti chikuwathandiza kubisa zina.

Malamulo aakulu oyendetsera dziko a 1994 adawonjezera mfundo imodzi. Gawo 40 lidati boma lizipereka ndalama ku chipani chilichonse chomwe chapeza mavoti oposa limodzi mwa magawo khumi a mavoti a dziko lonse pachisankho cha aphungu, kuti chizitha kupitiriza kuimira anthu ake. Ganizo lake lidali labwino: chipani chotsutsa chisafe ndi njala. Koma taonani kuti msonkho wanu ndi wanga udayamba kulowa m'matumba a zipani popanda ofesi yotsata bwinobwino mmene waugwiritsira ntchito. Boma latsopano silidali losadziwa mphamvu ya ndalama pandale. Mu 1995 lidapanga lamulo lochotsa chuma cha Press m'manja mwa atsogoleri a Malawi Congress, ndipo bwalo lalikulu la apilo lidavomereza lamulolo mu 1997. Thumba la mnzawo adalidziwa kulisecha. Lawo adalimanga pakamwa.

Nyanja idaumanso mu 1995, patangotha chaka chimodzi chichitikireni chisankho cha pa 17 Meyi 1994. Apa m'pamene njala idakumana ndi ndale zatsopano, ndipo zidakondana. Pulezidenti Bakili Muluzi, mwana wa ku Machinga kufupi ndi kwathu kuno, adatchuka ndi kugawa ma K50 pamisonkhano. Omukonda ankati n'kuwolowa manja, omutsutsa ankati n'kugula anthu. Koma mchitidwewo sudakhale wa munthu mmodzi kapena chipani chimodzi. Pofika chisankho cha 1999 aliyense wofuna mpando ankadziwa kuti kufika pagombe chimanjamanja n'kutaya nthawi.

Anthu a m'tauni amakonda kutiseka kuti timagulitsa zaka zisanu ndi paketi ya shuga. Asanaseke akadamva zomwe adandiuza azakhali anga, mayi wokazinga mlamba pa Kachulu, tsiku lomwe adalandira nsalu yawo yoyamba ya chipani. Ndidawafunsa mwanthabwala ngati agulidwa.

"Mwanawe," adatero, "zaka makumi atatu ndakhala ndikuwagulira khadi anthu amenewa, dzira ndikuwapatsa. Lero ayamba kubweza, ndiye ndikane?"

Kwa iwo nsaluyo idali ngongole yakale. Ndiponso adali ataona kuti malonjezo a msewu wa tala wochoka ku Zomba amabwera chisankho chilichonse n'kubwerera ndi mwini wake, pomwe nsalu imatsala pathupi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pang'ono ndi pang'ono phungu adaleka kukhala wopanga malamulo m'maso mwathu, n'kusanduka wogula mabokosi, wolipira fizi, mwini galimoto yonyamula odwala kolera kupita nawo kuchipatala. Kope langa lofiira lija lidabadwa m'nyengo imeneyi, ndipo sindingadziyeretse: manja omwe ankalemba ndi omwewo ankapereka timaenivelopu.

Chomwe sitinkafunsa n'chakuti munthu wa malipiro odziwika akuzitenga kuti ndalama zokwirira mudzi wonse. Ife a ku Chilwa tidayenera kukhala oyamba kufunsa. Nyanja yathu ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Chilichonse chomwe Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe yatola kumtunda chimadzakhazikika mwa ife. Mwana aliyense wa kuno amadziwa kuti madzi akafika ofiira, ndiye kuti kwina kwake kumtunda munda wa munthu wakokoloka.

Tsamba la kumanzere lija dziko lidayamba kulisuzumira pang'onopang'ono, osati kudzera ku ofesi ya mlembi wa zipani, koma kudzera m'mabwalo a milandu ndi m'nyuzipepala. Mu 2009 a Muluzi adazengedwa mlandu wokhudza ndalama zokwana K1.7 biliyoni zomwe boma linkati zidachokera kumaiko akunja n'kulowa m'mabuku awo a kubanki. Iwo adaukana mlanduwo, ndipo utakokedwa zaka 14, boma lidauthetsa mu 2023 popanda chigamulo. Mu 2013 kudaphulika nkhani ya Cashgate, yosolola ndalama za boma ku Capital Hill polipira makampani omwe sadagwire ntchito iliyonse. Mmodzi mwa omwe adapezeka olakwa, Oswald Lutepo, adali ndi udindo m'chipani cholamula cha People's Party, ndipo mu 2015 adalamulidwa kukakhala kundende zaka 11. Iye adanena kuti ankagwiritsidwa ntchito ndi andale. Mayi Joyce Banda adakana kuti sizikuwakhudza. Mu 2017 mabungwe omenyera ufulu adakokera chipani cha DPP kukhoti chifukwa cha phwando losonkhetsa ndalama lotchedwa Blue Night, komwe makhonsolo a mizinda ndi makampani ena a boma adapereka nawo.

Nkhani yomwe idafika mpaka pa bawo la pagombe idali ya mu 2018. Lipoti la bungwe lothana ndi ziphuphu la Anti-Corruption Bureau lidatulukira poyera, likuonetsa kuti kampani ya Pioneer Investments, yomwe idapatsidwa kontirakiti ya ndalama zoposa K2 biliyoni yogulitsa chakudya kupolisi, idaika K145 miliyoni mu akaunti ya DPP yomwe wosainira wake adali Pulezidenti Peter Mutharika yekha. Mkulu wa bungwelo nthawi imeneyo adali Reyneck Matemba, ndipo asodzi ankaseka kuti lero matemba ndiwo akuwedza nsomba zikuluzikulu. Bungwelo lidati pulezidenti sadapindule payekha, chipani chidati idali mphatso wamba, kenaka chidalengeza kuti chibweza ndalamazo. Mfundo yomwe idandikhudza ine ndi iyi: lipotilo likadapanda kutuluka, padalibe buku lililonse m'dziko muno lomwe nzika ikadatsegula n'kuona dzina la woperekayo.

Nthawi imeneyo n'kuti lamulo latsopano la zipani za ndale litadutsa kale m'nyumba ya malamulo kumapeto kwa 2017, pulezidenti n'kulisainira kumayambiriro kwa 2018. Lidayamba kugwira ntchito pa 1 Disembala 2018. Tsikuli sindiliiwala pazifukwa ziwiri. Choyamba, pa 1 Disembala m'pomwe nyanja yathu imatsekedwa kwa asodzi a makoka kuti nsomba ziswane. Chachiwiri, chaka chimenecho padalibe nyanja yoti n'kutseka. Madzi adali atathawa, mabwato ali gwa pamatope ong'aluka pa Kachulu, anthu akupita ku Chisi pa njinga. Lamulo loletsa kupereka zinthu zokopera ovota lidatipeza tikukumba zikhawo ndi kudikira chimanga cha thandizo.

Lamuloli lili ndi mbali ziwiri zofanana ndi masamba a kope langa. Mbali ya kumanja ndi imene anthu ambiri amaidziwa: gawo 41 limaletsa chipani, woimira chipani kapena aliyense wofuna kupikisana nawo kugawa ndalama, katundu kapena mphatso pofuna kunyengerera munthu kuti amuvotere kapena asavote. Wolakwa akhoza kulipira K10 miliyoni ndi kukhala kundende zaka zisanu. Koma aphungu, omwe amaudziwa bwino msika umenewu, adasiya zipata. Nsalu ndi malaya a chipani si mlandu. Chakudya, zisangalalo ndi kubweza ndalama zoyendera pamsonkhano wa chipani si mlandu. Chopereka cha kutchalitchi kapena kumzikiti si mlandu, bola chisalengezedwe. Nditawerenga mndandanda umenewu ndidatsegula kope langa ndi kuyamba kuchonga. Pafupifupi theka la zomwe tidachita mu 2004 zikadapulumuka.

Mbali ya kumanzere ndi imene sitiikamba, koma kwa ine ndiyo mutu wa nsomba. Lamulo limalola zipani kulandira thandizo, koma limati mphatso iliyonse yoyambira K1 miliyoni kuchokera kwa munthu, kapena K2 miliyoni kuchokera ku bungwe, iululidwe kwa mlembi wa zipani. Limaletsa zipani kulandira ndalama ku makampani a boma. Limafuna kuti ndalama zomwe zipani zimalandira kuchokera ku boma ziziwerengeredwa ndi mkulu wofufuza mabuku a boma. Ndipo limapatsa nzika iliyonse, ngakhale mayi wokazinga mlamba, ufulu wopita kwa mlembiyo kukaona zomwe zipani zaulula. Chomwe silidachite n'kuika malire: mpaka lero palibe mlingo wa ndalama zomwe munthu mmodzi angapatse chipani, kapena zomwe wofuna mpando angamwaze pa kampeni.

Apa ndiyenera kuwongola chinthu chomwe ambiri timasokoneza. Tikaona wandale akugawa ndalama timati, "A MEC ali kuti?" Bungwe la Malawi Electoral Commission limalemba ovota m'kaundula, kulandira zikalata ndi ndalama za ofuna kupikisana, kutsegula ndi kutseka nyengo ya kampeni, kuwerenga mavoti ndi kulengeza zotsatira. Thumba la chipani si lawo. Lamulo la 2018 lidapereka ntchito imeneyi ku ofesi yapadera ya mlembi wa zipani za ndale, ndipo milandu ikapezeka imayenera kudutsa kupolisi ndi kukhoti ngati milandu ina yonse.

Tsono ofesi yapaderayo idakhala papepala pokha kwa zaka zoposa zisanu. Boma la DPP silidasankhe mlembi wake wa ofesiyi. Boma la mgwirizano wa Tonse, lomwe lidalowa pa chisankho chachibwereza cha pa 23 Juni 2020, nalonso lidazengereza mpaka chaka chachinayi. Nthawi yonseyi ntchitoyo inkangogwiriziridwa ndi mkulu wolembetsa makampani uja, pamwamba pa mtolo wake wakale. Pa zinthu zochepa zomwe zipani zathu zidagwirizanapo popanda kukangana, ichi n'chimodzi. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Choncho chisankho cha pa 21 Meyi 2019 chidachitika lamulo lilipo, mlonda palibe. Mu Malichi chaka chimenecho mvula yamkuntho ya Idai idagwetsa nyumba ndi kumiza minda m'chigwa chonse chino, nyanja n'kubwerera. Matumba a ufa, mabulangeti ndi mapepala apulasitiki ofolerera zidayamba kufika, zina za boma, zina za mabungwe, zina za anthu omwe nkhope zawo zidali pamitengo yonse ya m'mbali mwa msewu. Kodi thumba la ufa loperekedwa kwa mayi wogona m'kalasi, miyezi iwiri chisankho chisanachitike, ndi chifundo kapena nyambo? Ine ndidalandira nawo, ndipo sindidafunse. Kafukufuku yemwe adachita Michael Wahman mothandizidwa ndi bungwe la Westminster Foundation for Democracy adapeza kuti wofuna uphungu pachisankho chimenecho, tikaphatikiza ndi zisankho za chipulula, ankawononga pafupifupi K14.8 miliyoni, ndipo omwe adali ndi mwayi weniweni wopambana ankafika cha m'ma K27 miliyoni, kuposa malipiro a phungu a chaka chathunthu. Munthu wolowa m'nyumba ya malamulo ali ndi ngongole yotere amakhala ndi bwana wina amene ife sitidamuvotere.

Omwe adagogoda pakhomo mwamphamvu adali maloya. Mu 2021 bungwe lawo la Malawi Law Society lidalembera mlembi wogwirizirayo kupempha kuti awaonetse zomwe zipani zikuluzikulu zidaulula pa ndalama za zisankho za 2019 ndi 2020. Yankho logwira mtima silidabwere, nkhani idapita kubwalo lalikulu la milandu, ndipo mu 2024 bwalolo lidagamula kuti mlembi adalakwa posapereka zomwe adafunsidwa. Chaka chomwecho boma lidasankha Dr Kizito Tenthani, yemwe kale ankatsogolera bungwe la Centre for Multiparty Democracy, kukhala mlembi woyamba wa zipani wogwira ntchito imeneyi yokha. Kuchokera pa nyali ya 1993 padali patadutsa zaka 31.

Chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 ndicho chidali chisankho chachikulu choyamba kuchitika mlonda ali pachipata. Kusintha kudalipo, ndisaname. Uthenga woletsa kugawa zinthu udamveka pawailesi, anthu adauzidwa kuti akaona akanene, ndipo ofesiyo idalandira madandaulo ambiri. Kuno kwathu ofuna mipando adaleka kuponya ndalama poyera ali pamwamba pa galimoto. M'malo mwake chilichonse chidasanduka "thiransipoti". Ndidaona ndi maso angawa anthu a nyumba zoyang'anizana ndi bwalo la msonkhano akulandira ndalama yobwezera ulendo womwe adauyenda ndi mapazi osakwana makumi asanu. Zina zinkangolowa pafoni usiku, popanda enivelopu, popanda mboni. Mtengo wolowera mpikisano nawo udakwera: wofuna upulezidenti adalipira K10 miliyoni ku MEC, mwamuna wofuna uphungu K2.5 miliyoni, pomwe mu 2019 zidali K2 miliyoni ndi K500,000.

Kuthamangitsa wogawa ndalama pagombe lililonse ndi ntchito yomwe ofesi imodzi ya mumzinda singaithe, ndipo ndikunena izi monga munthu wodziwa mmene lamulo limagwirira ntchito panyanja. Itauma mu 1995, mafumu, asodzi ndi a nthambi ya zausodzi adagwirizana kuteteza nsomba zotsala m'maiwe a m'mitsinje, naletsa kuthira katupe ndi kukoka makoka mmenemo. Pambuyo pake padabwera makomiti a m'magombe. Makomitiwa ali ndi zofooka zawo, ndipo anyamata a m'zimbowera mkati mwa nyanja amawazemba kawirikawiri. Komabe lamulo lotseka nyanja limaluma chifukwa wolisunga amagona pagombe pomwepo, amadziwa khoka la aliyense, ndipo nsomba zikatha naye agona ndi njala. Lamulo loletsa kugawa ndalama lilibe munthu wotere. Mboni yake ndi yemweyo walandira, ndipo kukanena ndiye kudzitsekera bokosi la maliro a mawa.

Tsamba la kumanzere ndi losiyana. Opereka mamiliyoni si ambiri ngati olandira ma K2,000; ali ndi mayina, makampani ndi maakaunti a kubanki, ndipo ambiri a iwo amapezekanso pa mndandanda wa opatsidwa makontirakiti a boma. Kumeneko ofesi yaing'ono ikhoza kufikako ngati ili ndi mano ndi owerengera ndalama okwanira. Ana athu omwe ali ku Johannesburg amatiuza za ku South Africa, komwe lamulo lofanana ndi lathu lidayamba kugwira ntchito pa 1 Epulo 2021. Kumeneko bungwe loyendetsa zisankho limasindikiza miyezi itatu iliyonse mayina a opereka ndalama zambiri ku zipani, ndipo pali malire a zomwe munthu mmodzi angapereke pachaka. Nakonso akuba sadathe, koma mtolankhani amakhala ndi poyambira. Kwathu kuno nyuzipepala zakhala zikulemba mobwerezabwereza kuti zipani zikuluzikulu zimazengereza kapena kulephera kupereka malipoti omwe lamulo limafuna. Ine ndikadakonda tsiku lina kupeza mndandanda wa opereka ndalama ku zipani utamatidwa pakhoma la ofesi ya bwanamkubwa ku Zomba, pafupi ndi pomwe amamata zotsatira za chisankho, kuti pochoka kogulitsa matemba tiziwerenga zonse ziwiri.

Mwezi wa Julayi 2025, kampeni itangotsegulidwa, kunyumba kwanga kudafika mnyamata yemwe ndidamuphunzitsa sitandade 7. Tsopano ndi bambo wa ana atatu, ndipo anzake adali atamusankha kukhala mlembi wa komiti ya mayi wina wofuna ukhansala. Adamva kuti ndidagwirapo ntchito imeneyi, ndiye adafuna ndimuonetse kalembedwe kake. Ndidatulutsa sutikesi, ndidamupatsa kope lofiira lija. Adalitsegula mosamala, nawerenga za mabokosi ndi malata akuseka, kenaka adabwerera kumayambiriro n'kuyamba kutembenuza masamba a kumanzere, limodzi ndi limodzi, mpaka kumapeto.

"Aphunzitsi, kunoku inki idafufutika?"

Ndidamuuza kuti siidafufutike. Adakhala chete kanthawi, akuyang'ana kunyanja komwe mabwato a madzulo adali atayamba kutuluka m'mabango. Kenaka adatulutsa kope lake latsopano m'thumba la jekete, nandipempha rula.